Kachilombo ka HIV: kuchokera pa masabata oyamba kufikira pa Edzi

Kuno ku Mzuzu, munthu akamva kutentha thupi timathamangira kunena kuti ndi malungo. Komatu nthawi zina umo ndi momwe kachilombo ka HIV kamayambira kudzionetsa.

Pakapita masabata awiri kapena anayi kachilomboka katalowa m'thupi, ambiri amatentha thupi, kumva mutu ndi zilonda zapakhosi, kutuluka totupa pakhungu ndiponso kutupa mwanabele. Ena samva kanthu konse. Pa nthawiyi kachilombo kamaswana mofulumira kwambiri, kotero nkosavuta kupatsira mwamuna kapena mkazi wako. Chovuta china nchakuti poyeza magazi kachilomboka kangathe kusaoneka, popeza thupi limakhala lisanapange zimene choyezera chimafufuza. Nchifukwa chake achipatala amatiuza kuti tidzabwerenso, nthawi zina pakatha miyezi itatu.

Zizindikirozi zimatha zokha, ndipo munthu amaoneka wathanzi kwa zaka zambiri. Chikhalirecho, kachilombo kamakhala kakuononga pang'onopang'ono asilikali a m'thupi otchedwa CD4. Mwa munthu wabwinobwino asilikaliwa amaposa 500 m'kadontho ka magazi koyezera. Akatsika kuchepera 200, kapena akabwera matenda monga chifuwa chachikulu, chotupa cha Kaposi ndi matenda oumitsa khosi, timati munthuyo wadwala Edzi. Popanda mankhwala, ulendo umenewu umatenga zaka pafupifupi khumi.

Koma lero sipafunikanso kufika pamenepo. Wodwala Edzi woyamba m'Malawi anapezeka mu 1985, ndipo boma linayamba kupereka ma ARV ulele mu 2004. Kuyambira 2016, aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba mankhwala osadikira kuti CD4 itsike. Womwa mokhulupirika tsiku ndi tsiku, kachilombo kake kamachepa mpaka kusaoneka m'magazi, ndipo sapatsira mnzake m'banja. Amene wagwiriridwa kapena wabayidwa ndi singano yokayikitsa athamangire kuchipatala maola 72 asanathe kuti alandire mankhwala oteteza.

Inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, kumbutsani akhristu, makamaka okonzekera ukwati ndi amayi oyembekezera, kuti akayezetse ku chipatala cha St John's, ku Mzuzu Central kapena pa chipatala chapafupi. Ndipo tisiye kusala anzathu, pakuti woopa kunyozedwa amabisala mpaka matenda atakula.