Mwawi Kumwenda adayamba ndi mpira wa majumbo

Makolo ambiri akamva zoti mtsikana angadye ndi mpira wamanja, amangoseka. Komatu Mwawi Kumwenda wakhala akulandira malipiro kunja kwa zaka zoposa khumi chifukwa cha masewero omwewa, amene adachokera ku basketball, yomwe James Naismith adayambitsa ku America mu 1891.

Mwawi adabadwa mu 1989 ku Mzimba, ndipo adakulira kumudzi. Mpira wake woyamba udali wa majumbo, ankasewera wopanda nsapato. Luso lake litadziwika, adapita ku Blantyre kukasewera mu timu ya Escom Sisters. Mu 2009 adapita ndi timu ya achinyamata ya dziko lino ku mpikisano wa ku Cook Islands, komwe anthu a ku Australia adamuona. Pofika 2011 n'kuti akusewera mu Peninsula Waves ku Australia komweko, ndipo mu 2014 adalowa Canterbury Tactix ya ku New Zealand.

Pa mpikisano wa dziko lonse wa mu 2015 ku Sydney, ma Queens adathera pa nambala 6, koma amene adasankhidwa kuti wasewera bwino kuposa onse adali Mwawi. Mu 2018 adali m'gulu lomwe lidagonjetsa New Zealand 57-53 pa masewero a Commonwealth.

Sikuti zonse zidayenda myaa ayi. Chaka chomwecho adavulala bondo kwambiri akusewera mu Melbourne Vixens, moti adakhala miyezi yambiri osaponda pabwalo. Atachira, adathandiza timuyo kutenga chikho mu 2020.

Ndikulemba izi ndili kwathu ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, komwe maso athu tonse ali pa matemba ndi milamba. Nyanjayi idaphwa mu 1995, idaphwanso mu 2018. Ikatero ndalama zimasowa pakhomo, ndipo ndaona ndi maso anga kuti woyamba kusiya sukulu amakhala mtsikana. Wina amatumidwa kukagulitsa mandasi padoko, wina amakankhidwira kubanja. Wamtali ndiye amanyozedwa kuti ndi nsungwi, chikhalirecho kutalikako ndi komwe makochi amafuna.

Sindikunena kuti aliyense adzafika ku Melbourne. Ochepa okha ndiwo amafika, ndipo bondo limatha kuduka tsiku lililonse. N'chifukwa chake mpira ndi makope ziyenera kuyendera limodzi. Pajanso kuno kumudzi mtsikana amaonekera m'mipikisano ya sukulu, ndiye akasiya sukulu, wasiyanso bwalo.

Inu amayi ndi abambo, mwana akapempha kuti atsalire masewero akaweruka, musathamangire kunena kuti ayamba makhalidwe oipa. Kafunseni aphunzitsi ake tsiku la mpikisano, mupite mukamuone nokha. Madzi akhoza kukatunga mlongo wake tsiku limenelo.