Zomwe zimasonkhanitsa okonda maluwa osowa a m'mapiri

Mwezi wa Febuluwale ukafika, pomwe dziko la Scotland limakhala lidakali m'chisanu ndipo mitengo yambiri ili mbee yopanda masamba, anthu ochokera m'madera osiyanasiyana amalunjika ku tauni yaing'ono ya Dunblane atanyamula timiphika ta maluwa. Ena amayenda ulendo wa maola angapo, timiphikato atatikhazika m'makatoni mosamala ngati mazira. Akafika amatiyala pamatebulo m'holo, kenako n'kuyamba kuzungulira, kuwerama ndi kusuzumira timaluwa tomwe tina sititalika kuposa chala.

Umenewu ndi msonkhano wa pachaka wa bungwe la Scottish Rock Garden Club, pomwe amaonetsa maluwa oyambirira kuphuka m'chaka. Bungweli lidakhazikitsidwa mu 1933, patangotha zaka zinayi chiyambireni linzake la ku England, Alpine Garden Society, lomwe lidayamba mu 1929 ndipo likulu lake lili ku Pershore. Kwa mlendo, zochitikazi zingaoneke ngati masewera a anthu osowa chochita. Komatu chidwi cha anthu otere chidathandizapo kuseseratu maluwa ena m'mapiri akwawo, ndipo chidwi chomwecho n'chomwe chapulumutsa ena kuti asatheretu.

Maluwa ake ndi otani?

Mamembala a mabungwewa amalima makamaka zomera za m'mapiri ataliatali, pamwamba pomwe mitengo siimera chifukwa cha kuzizira ndi mphepo. Zomera za kumeneko zimakhala zazifupi. Zina zimamera mothithikana n'kuoneka ngati kachulu kobiriwira, ndipo nyengo yake ikakwana kachulu konseko kamakutidwa ndi maluwa. Chitsanzo ndi mtundu wa Dionysia, womwe umamera m'ming'alu ya matanthwe ku Iran ndi Afghanistan.

Gulu lina, lomwe limakometsa msonkhano wa ku Dunblane, ndi la maluwa okhala ndi mutu pansi pa nthaka, wofanana ndi wa anyezi. Mutuwo ndi nkhokwe ya chakudya. M'mapiri a ku Turkey, Iran, pakati pa Asia, Spain ndi Morocco, dzinja limazizira kwambiri pomwe chilimwe chimatentha ndi kuuma. Chomeracho chimakhala ndi milungu yowerengeka yokha, chipale chofewa chikangosungunuka, yoti chitulutse masamba, chichite maluwa, chibereke njere ndi kudzadzanso nkhokwe yake. Zikatero masamba amauma, mutuwo n'kugona pansi miyezi yambiri kudikira nyengo ina. Maluwa a Crocus, Narcissus, Fritillaria, Iris reticulata ndi Galanthus ali m'gulu limeneli.

Chodabwitsa n'chakuti ku Britain chomwe chimapha zomera zoterezi kawirikawiri ndi chinyezi, osati kuzizira. Kwawo kumapiri, chipale chofewa chimazifunditsa ngati bulangete zili zouma. Ku Britain dzinja limadza ndi mvula yamvumbi, ndipo mitu yokhala m'dothi lonyowa imaola. N'chifukwa chake alimiwa amasakaniza dothi ndi mchenga komanso timiyala kuti madzi azidutsa msanga, ndipo ambiri amamanga nyumba zamagalasi zosatenthetsa, zamawindo otsekula, zongotchinga mvula basi. Ku Kew Gardens mumzinda wa London kuli nyumba yotchuka yotere, Davies Alpine House, yomwe idatsekulidwa mu 2006.

Zochitika pamsonkhano

Kupatula kuonetsa maluwa, pamisonkhano yotere pamakhala akatswiri okamba za maulendo awo a m'mapiri ndi za kalimidwe, komanso eni nazale zing'onozing'ono ogulitsa mitundu yosapezeka m'masitolo. Pazionetsero zina za m'kati mwa chaka pamakhala mpikisano. Chomera chopambana zonse chimalandira mendulo: ku England ndi ya Farrer, pokumbukira Reginald Farrer yemwe adamwalira mu 1920 akufufuza zomera m'mapiri a ku Burma, pomwe ku Scotland ndi ya Forrest, pokumbukira George Forrest yemwe adamwalira mu 1932 m'chigawo cha Yunnan ku China.

Ntchito yaikulu koposa ya mabungwewa siionekera pamatebulo. Chaka chilichonse mamembala amakolola njere m'minda yawo, kuzipeta, kuzilemba maina ndi kuzitumiza kubungwe. Anthu ongodzipereka amazigawa m'timaenvulopu, kenako bungwe limatulutsa mndandanda wa mitundu masauzande angapo kuti aliyense asankhepo. Amene adapereka njere amapatsidwa mwayi woposa anzawo. Mwanjira imeneyi, duwa lomwe linali m'munda umodzi wokha limafalikira m'minda yambiri m'maiko osiyanasiyana, ndipo likafa kwa mwini wake woyamba, amakalipeza kwa mnzake. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika.

Njirayi imafuna kudekha. Duwa la mutu lofesedwa kuchokera kunjere limatenga zaka zitatu, zisanu, mwinanso kuposerapo kuti lichite maluwa koyamba.

Ndalama zake

Kusowa kwa chinthu ndi kutalika kwa nthawi yochidikira ndiye gwero la mtengo wokwera. Izi zimaonekera kwambiri pa Galanthus, kaduwa koyera kozyolika komwe Angerezi amati snowdrop. Kutchire kuli mitundu yake pafupifupi 20, koma alimi asankha ndi kutcha maina mitundu ya m'munda yoposa 2,000. Kusiyana kwake nthawi zina kumangokhala kadontho kobiriwira kapena kachikasu pakaduwako.

Mu 2012, mutu umodzi wa mtundu wotchedwa Elizabeth Harrison udagulidwa pamtengo wa mapaundi 725. Mu 2015, wa Golden Fleece udafika mapaundi 1,390 pamsika wa paintaneti wa eBay, ndipo mu 2022 wa Golden Tears udagulidwa mapaundi 1,850. Wogula pamtengo wotere nthawi zambiri amakhala akuganiza zochulukitsa. Amadula mutuwo m'tizidutswa, kachidutswa kalikonse kali ndi mbali ya kunsi komwe kumatuluka mizu, n'kutisunga m'kathumba konyowa pang'ono pamalo amdima ndi ofunda kwa milungu pafupifupi 12. Pakachidutswa kalikonse pamamera kamutu katsopano. Pakapita zaka, mtundu uja umachuluka ndipo mtengo umatsika.

Pomwe pagona vuto

Kuchulukitsa kumatenga nthawi, pomwe kukumba kutchire n'kwachangu komanso kotsika mtengo. M'zaka za m'ma 1980, mitu miyandamiyanda ya Galanthus, Cyclamen ndi maluwa ena inkakumbidwa m'mapiri a ku Turkey chaka chilichonse n'kutumizidwa ku Netherlands, komwe inkapakiridwa ndi kugulitsidwa m'maiko ena. Ogula ambiri sankadziwa n'komwe kuti akubzala zokumbidwa kutchire, ndipo anthu a m'midzi omwe ankakumbawo ankalandira ndalama yochepa zedi.

Mu 1990, mitundu yonse ya Galanthus idaikidwa pamndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, lomwe limayang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire pakati pa maiko. Cyclamen ndi Sternbergia zili pamndandanda womwewo. Malonda ake sadaletsedwe, koma amafuna chilolezo, ndipo maiko monga Turkey ndi Georgia amaika malire a chiwerengero cha mitu yotuluka pachaka. M'zaka za m'ma 1990 kudayambanso ntchito yothandiza anthu a m'midzi ya m'mapiri a Taurus ku Turkey kulima mituyi m'minda yawo m'malo moikumba kutchire. Pangano lomweli, lomwe dziko la Malawi lidalowamo mu 1982, limakhudzanso maluwa onse a mtundu wa orchid, kuphatikizapo omera pansi ngati a ku Nyika, omwe timizu tawo tonga mbatata timakumbidwa popangira chinaka.

Phunziro la ku Chile

Nkhani ya duwa la Tecophilaea cyanocrocus imaonetsa mbali zonse ziwiri. Duwali, lobiriwira ngati thambo, kwawo ndi m'mapiri a Andes kufupi ndi mzinda wa Santiago ku Chile. Kukongola kwake kudachititsa kuti mitu yake ikumbidwe yambirimbiri kupita ku Ulaya, ndipo ziweto komanso kusintha kwa kagwiritsidwe ntchito ka malo zidaonjezera chiwonongekocho. Pofika m'zaka za m'ma 1950, akatswiri ankakhulupirira kuti kutchire lidatheratu. Kwa zaka pafupifupi 50 linkadziwika kuti lilipo m'timiphika ndi m'minda mokha, m'manja mwa alimi oleza mtima omwe ankalichulukitsa ndi kugawana. Mu 2001 ndi pomwe ofufuza adalipezanso likumera lokha m'mapiri kummwera kwa Santiago.

Komabe kusunga duwa m'kamphika sikufanana ndi kuliteteza kwawo. Zomera za m'minda nthawi zambiri zimachokera kwa makolo ochepa, motero matenda amodzi angazigwetse zonse. Zina zimasakanikirana ndi mitundu yoyandikana nayo n'kutaya chibadwa chake. Kuonjezera apo, dziko likamatentha zomera za m'mapiri zimakakamizika kusunthira kumtunda, ndipo zomwe zili kale pansonga zilibe kothawira.

Pazifukwa zimenezi, mabungwe onse awiri masiku ano amalimbikitsa mamembala kufesa njere ndi kugawana zolimidwa m'munda, komanso kulemekeza malamulo a maiko omwe amapitako kukaona maluwa. Ku Britain komweko, lamulo la mu 1981 limaletsa kuzula chomera chakutchire popanda chilolezo cha mwini malo. Wogula wosamala akafika patebulo la nazale amayamba wafunsa komwe mutuwo wachokera, ngati ndi m'munda kapena kuphiri, asanafunse mtengo wake.