Bati ya mtengo yabwerera, nanga mtengowo uchokera kuti?

M'masewero a softball, woponya mpira amaima pamtunda wa mamita 15 okha kuchokera pamene pali womenya. Mpira ukakumana bwino ndi bati yamakono, umam'bwerera pa liwiro loposa makilomita 150 pa ola, n'kumufika pamphumi theka la sekondi lisanathe. Mnyamata wa zaka 20 akhoza kulewa. Koma amene amasewera m'maligi a madzulo ku America si anyamata okhaokha. Muli aphunzitsi, amakaniko, madalaivala, ena a imvi ndi mimba zawo, amene angobwera kudzawongola miyendo ataweruka kuntchito. N'chifukwa chake ena mwa maligi amenewa agwirizana zosiya mabati a aluminiyamu ndi a kaboni n'kubwerera ku bati yosema pamtengo.

Bati yachitsulo imakhala ya mphako. Mpira ukaimenya, khoma lake limabonyera m'kati pang'ono kenaka n'kuukankha mpirawo pobwerera m'malo mwake. Ya mtengo ilibe mphako, choncho chimene chimabonyera ndi mpira, ndipo mphamvu yambiri imathera pomwepo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, pamene aluminiyamu inalowa m'masewero amenewa, makampani akhala akupikisana kupanga bati yoponya kutali, mpaka mu 2004 bungwe loyendetsa softball ku America linaika malire a liwiro la mpira pa mamailosi 98 pa ola. Akamberembere sanasowe njira. Amachotsa chivindikiro cha kunsonga kwa bati, n'kupala khoma lake cham'kati kuti lipyapyale, n'kutsekanso bwinobwino. Woimbira sangaone ndi maso. Pa bati ya mtengo chinyengo chotere n'chovuta, ndipo wa ndalama zambiri sangagule chipambano m'sitolo. Amene sadziwa kumenya amaonekera poyera.

Kuno ku Mulanje softball si masewero odziwika. Mabwalo athu, kuyambira pa Chitakale mpaka ku Muloza, ndi a mpira wamiyendo ndi ntchemberembaye. Bati ya mtengo imene Mmalawi angaione ndi ya kiriketi, masewero amene dziko lino linayamba kusewera mwalamulo pa mlingo wa T20 wa mayiko mu November 2019, polimbana ndi Mozambique m'chikho cha Kwacha. Ndipo kiriketi inathana nayo kalekale nkhani ya chitsuloyi.

Munali mu December 1979 ku Perth, pamene Dennis Lillee wa timu ya Australia analowa m'bwalo atanyamula bati ya aluminiyamu. Lillee atamenya mpira, kaputeni wa England, Mike Brearley, anadandaula kuti chitsulocho chikuwononga chikopa cha mpira. Masewero anaima kwa mphindi pafupifupi 10 anthu akukangana, mpaka Lillee anaiponyera uko batiyo mopsa mtima n'kulandira ya mtengo. Pasanapite nthawi lamulo linalembedwa: mbali yomenyera mpira ikhale ya mtengo basi.

Kulamula n'kosavuta. Chovuta n'chakuti si mtengo uliwonse umene ungapirire kumenyedwa ndi mpira wouma kambirimbiri osang'aluka. Bati yabwino ya kiriketi imachokera ku mtundu umodzi wa willow wolimidwa makamaka ku England, wina wotsikirapo mtengo ku Kashmir, ndipo umafuna zaka 15 kapena kuposa usanadulidwe. Ku America, kampani yopanga mabati ya Louisville Slugger inadalira mtengo wa ash kwa zaka zambirimbiri, kufikira pamene kachilombo kofukula makungwa, kamene kanapezeka ku Michigan mu 2002, kanapha mitengoyi mamiliyoni ochuluka. Lero akatswiri ambiri a baseball amamenyera maple, mtengo umene unatchuka Barry Bonds atamenya nawo mahomu rani 73 mu 2001. Bati ya mtengo imathyokanso, pamene yachitsulo imatha zaka. Ligi ikavota kuti ibwerere ku mtengo, yavoteranso kuti kwina kwake mitengo idulidwe chaka ndi chaka.

Apa ndi pamene munthu wa ku Mulanje angawauze kanthu Achimereka. Mukafika pa Likhubula, polowera m'phiri, mupeza osema ayala malonda awo: timabokosi, zosema za nyama, ndi ndodo zokwerera phiri zimene amalembapo ndi kampeni mayina a nsonga monga Sapitwa ndi Chambe. Wogulitsa akafuna kukutsimikizirani kuti chinthucho ndi sida weniweni sachita kulongolola. Amangopala pang'ono ndi chikhadabo n'kukupatsani kuti mununkhize. Fungo limenelo ndi la sida, kapena kuti mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu kuyambira mu 1984, umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi. Chiswe sichiudya, suwola msanga, ndipo ulemu umenewu ndi umene unauphetsa. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira mu 1927, koma macheka ndi moto wolusa sizinawerenge chikwangwani. Kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anzake abzala mbande mazanamazana a masauzande, ndipo mu 2025 UNESCO inaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, koma amene akubzala lero sadzacheka thabwa pa mitengoyi ali moyo.

Kusiyana kwa willow wa ku England ndi sida wathu sikuli pa ubwino wa mtengo. Mlimi wa willow amabzala mitengo ina nthawi iliyonse akadula, chifukwa akudziwa kuti wogula adzabweranso zaka 15 zikubwerazo. Ngakhale makampani a tiyi kuno amachita zomwezo ndi bulugamu wowotchera tiyi m'mafakitale awo. Sida yekha ndiye ankadulidwa ngati wamasiye.

Pali chomera china chimene sitichiwerengera kwenikweni, chimene timalukira malichero, madengu ndi mipanda. Mu 2021, Darshil Shah ndi Ben Tinkler-Davies a ku yunivesite ya Cambridge anapanga bati ya kiriketi pomata timizere ta nsungwi. Inatuluka yolemera kuposa ya willow, koma yolimba, yoponya mpira mwamphamvu, ndipo nsungwi yake imakhwima m'zaka 5 kapena 6 zokha. A MCC, eni malamulo a kiriketi ku London, anayankha kuti nsungwi ili m'gulu la udzu, si mtengo, choncho siloledwa. Mwa sayansi sanalakwe. Koma ine ndimaona kuti yankho lotere limakomera amene ali ndi minda ya willow, pamene sukulu ya kumudzi imene ikufuna kuphunzitsa ana kiriketi iyenera kuitanitsa bati kunja ndi ndalama zakunja zimene ngakhale ogula mafuta a galimoto akuzisowa.

A softball ndi baseball yongosangalala alibe mwambo wouma chotero. Mabati a nsungwi amagulitsidwa kale, ku Japan amaphunzitsira osewera, ndipo maligi ena a bati ya mtengo amawalola chifukwa sathyoka wambawamba, ngakhale ligi yaikulu ya MLB imafuna bati yosemedwa pa chipika chimodzi. Nsungwi za kuno n'zosiyana ndi za ku China zimene a ku Cambridge anagwiritsa ntchito, moti zingafunike kuyesedwa kaye: kuziumitsa, kuzing'amba timizere tofanana, kuzimata ndi guluu wolimba n'kuzipanikiza. Ntchito imeneyi ndi ya kalipentala wokhala ndi makina abwino, ndipo mpira wofewa umene ana amayambira nawo kiriketi safuna chilolezo cha ku London kuti umenyedwe ndi nsungwi ya ku Mulanje.