Chikuto cha chimbale chimatheka pa tebulo la pakhomo

Kwaya ya mpingo ikajambula nyimbo zake sifuna zimbale zikwizikwi. Imafuna zokwanira anthu obwera pa tsiku lokhazikitsa chimbale ndi zina zoyenda nazo m'mipingo yoyandikana. Wojambula kanema wa ukwati kapena chinkhoswe naye amangofuna ma DVD ochepa, a kuchimuna ndi a kuchikazi. Kubena zimbalezo sikuvuta. Mutu umaima pa chikuto, chomwe ambiri amangoti kava, poti wogula amayamba kuchiona asanamve nyimbo ngakhale imodzi.

Makina a makampani osindikiza mabuku amadula pa ntchito yochepa chonchi. Asanayambe kuzungulira pamafunika mapuleti anayi, a inki yabuluu, yofiirira, yachikasu ndi yakuda, ndipo mtengo wa mapuletiwo susintha kaya munthu akufuna zikuto 50 kaya 5,000. Apa m'pamene pulinta ya pakhomo ndi pepala la A4 zimapulumutsira.

Chinsinsi chonse chili pa muyeso. Kabokosi kapulasitiki ka CD sikanasinthe kuchokera mu 1982, pamene Philips ndi Sony anatulutsa zimbalezi. Pepala lakutsogolo ndi mamilimita 120 mbali zonse, choncho awiri amakwana pa A4 imodzi. Lakumbuyo ndi pafupifupi 150 m'litali ndi 118 m'lifupi, kuphatikizapo timizere tiwiri ta mamilimita 6 topindidwa m'mbali, pomwe pamalembedwa dzina la woimba. Chikuto cha DVD ndi pepala limodzi la mamilimita 273 ndi 183, lokhala ndi msana wa 14 pakati. Popeza A4 ndi 297 ndi 210, chimakwana bwinobwino pepalalo likagonekedwa.

Posindikiza, ambiri amagwa pa kabatani kolembedwa "Fit to page". Kakasiyidwa koyaka, kompyuta imachepetsa kapena kukuza chithunzi mwa iyo yokha, msana n'kuphonya malo ake, dzina la kwaya n'kukhotera kutsogolo. Odziwa ntchitoyi amasankha 100%, amayamba ayesa pa pepala wamba, kulidula ndi kulilowetsa m'kabokosi. Amapitirizanso mtundu wa chithunzi ndi mamilimita 3 kunja kwa mzere wodulapo, kuti mpeni ukaterereka pang'ono pasaoneke kamzere koyera.

Chithunzi nacho chili ndi mwambo wake. Chosindikiza chimafuna timadontho 300 pa inchi iliyonse, pamene chomwe chayenda pa WhatsApp chimafika chitafinyidwa kale. Pa foni chimaoneka chokongola, koma pa pepala nkhope za oimba zimasanduka chifunga. Chofunika n'kutenga chithunzi chenichenicho kwa amene anajambula. Mitundu nayo imazilala pang'ono pa pepala, makamaka buluu ndi wobiriwira wowala, chifukwa sikirini imawala yokha pamene inki imadalira kuwala kwa kunja.

Mapulinta othira inki ya m'mabotolo, monga a Epson EcoTank, atsitsa kwambiri mtengo wa pepala lililonse. Koma inki yake yambiri ndi yosungunuka m'madzi: imaopa mvula, ndipo chimbale chikayalidwa padzuwa pa msika mitundu imafwifwa. Inki ya pigment ndi ufa wa pulinta ya laser zimapirira kwambiri. Pepala lonyezimira la magalamu 120 mpaka 170 limakwanira. Lokhuthala kuposa pamenepo limasweka popinda. Pepala likatuluka mu pulinta liyenera kuuma kaye, apo ayi limamatirira ku pulasitiki ya kabokosi. Podula, rula yachitsulo ndi kampeni kakuthwa zimaposa sizasi, ndipo mzere wopindapo umayamba wakandidwa ndi bolopeni yotha inki.

Kumbuyo kwa chikuto kumalembedwa mndandanda wa nyimbo, wopeka, situdiyo ndi chaka. M'Malawi muno, chimbale chopita pa msika chimafunanso kasitika konyezimira ka bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza ntchito za aluso. Wokonza chikuto wanzeru amasiyiratu pakona kamalo kopanda malemba, kuti kasitikako kasadzaphimbe dzina la nyimbo kapena nambala ya foni ya kwaya.