Zimene Setilaiti Imaona M'munda Mwathu

A zanyengo akalengeza pa wailesi kuti mawa kugwa mvula m'chigawo chapakati, kapena kuti asodzi a ku Salima ndi Nkhotakota asalowe m'nyanja chifukwa cha mwera, ena amati angolota. Ayi ndithu. Zambiri amaziona pa zithunzi zojambulidwa ndi makina otchedwa setilaiti, amene amazungulira dziko kumwamba kwenikweni, kosafika ndege. Kanyenyezi koyenda kosaphethira kamene timakaona ikatha swala ya Maghrib, mdima utangoyamba, kawirikawiri imakhala setilaiti.

Setilaiti ilibe mapiko. Imakwezedwa ndi roketi ya zigawo ziwiri kapena zitatu. Chigawo chikatha mafuta chimathothoka, chotsatira n'kuyaka. Ikafika kumwamba imakankhidwira cham'mbali ndi liwiro loopsa, ndipo liwirolo ndi limene limaigwira kuti isagwe, monga madzi satayika mukazunguza ndowa mwamsanga ndi dzanja.

Zina amaziika kutali, makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa ikweta, mzere wodula dziko pakati. Kumeneko setilaiti imazungulira kamodzi pa maola 24, mofanana ndi dziko lenilenilo, ndiye imaoneka ngati yaima malo amodzi. N'chifukwa chake mbale za TV pa madenga a pa Nambuma satembenuza, paja setilaiti za TV zimakhalanso komweko. Yoyang'ana mitambo ya Africa ndi Meteosat, ya maiko a ku Ulaya. Ina mwa zatsopano inakwezedwa mu Disembala 2022 ndi roketi ya Ariane 5 kuchokera ku Kourou, ku French Guiana, ndipo imajambula mphindi 10 zilizonse. Za mtundu umenewu ndi zimene zinalondola namondwe wa Freddy kuchokera kufupi ndi Australia mpaka kudzasakaza chigawo chakummwera mu Malichi 2023.

Zina zimayenda pafupi. Sentinel-2, imene yoyamba yake inakwera mu 2015, ili pa makilomita 786 basi. Imazungulira dziko pa mphindi pafupifupi 100, ndipo malo amodzi amajambulidwa masiku asanu alionse. Kadontho kamodzi pa chithunzi chake ndi malo a mamita 10 mulitali, 10 mulifupi, kutanthauza kuti munda wa ekala imodzi ndi timadontho pafupifupi 40. Imazindikira mbewu yathanzi ndi yofota chifukwa masamba abwino amabweza kuwala kwina kumene diso la munthu siliona. Anzake a ku America, Landsat, akhala akujambula kuyambira 1972, moti amene akufuna kuona mmene nkhalango ya Dzalanyama yathera angoyika chithunzi chakale pambali pa cha lero. Vuto ndi mitambo. Kukachita mitambo Sentinel-2 siona pansi, chonsecho nthawi ya dzinja ndi imene timaifuna kwambiri.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna timvetsetsane. Meteosat siyeza madontho a mvula. Imayeza kuzizira kwa pamwamba pa mtambo, poti mtambo wautali ndi wozizira ndi umene umagwetsa mvula, kenako akatswiri amayerekeza ndi zimene zoyezera mvula za pansi, monga za ku Chitedze, zawerenga. Koma ife tikudziwa kuti mvula imatha kugwa tsidya lino la dambo, tsidya linalo fumbi lili kobo! Komanso kuchokera kumwambako n'kovuta kudziwa kuti mwabzala mbewu yanji.

Zimenezi zinatipweteka kale. Nyengo ya 2015 mpaka 2016 boma linagula inshuwalansi ya chilala ku bungwe la African Risk Capacity, limene limaona kukula kwa chilala pogwiritsa ntchito mvula yoyerekezedwa ndi setilaiti. Chilala chinabweradi, anthu oposa 6 miliyoni n'kusowa chakudya. Koma kompyuta ya bungwelo inati vutolo ndi laling'ono, Malawi asalandire kanthu. Ofufuza atapita m'midzi anapeza kuti kompyutayo inauzidwa kuti alimi abzala chimanga chochedwa kucha, pamene ambiri anali atabzala chocha msanga, cha masiku 90. Ng'amba inapeza chimanga chimenechi pa nthawi yoipa, ndipo mvula imene inabwera pambuyo sinachidzutse. Atakonza, ndalama zokwana madola 8.1 miliyoni zinatuluka mu Januwale 2017, njala itafika kale pachimake. Ine ndimati setilaiti sinaname. Cholakwika chinali chakuti mlimi sanafunsidwe.

Masiku ano inshuwalansi za mbewu zimene zimabwera m'makalabu, zina zomangidwa pamodzi ndi ngongole ya feteleza, zambiri zimayendera njira yomweyi. Sabwera kudzaona munda wanu, amaona chiwerengero cha dera lonse. Musanasaine, funsani kuti mvula aziyeza ndi setilaiti kapena ndi choyezera cha pansi, choyezeracho chili kuti, ndipo akuwerengera chimanga cha masiku angati. Alangizi akamafunsa za mbewu, tchulani imene mwabzaladi, ngakhale ikhale yamakolo yosunga m'nkhokwe. Ndipo m'kalabu iliyonse pakhale kope limodzi lolembamo tsiku limene mvula yobzalira inagwa, tsiku limene munabzala, dzina la mbewu, ndi masiku amene ng'amba inatha.