Mafuta okulitsa mabere: musanatumize ndalama, imvani kaye izi

Malonda a mafuta "okulitsa mabere" omwe adzadza pa WhatsApp ndi Facebook afikanso m'mafoni a atsikana kuno ku Hewe. Chilungamo chake, mafuta opaka sakulitsa bere. Kukula kwake kumatengera kumtundu, mahomoni, kunenepa komanso mimba.

Chomwe chimakulitsadi ndi opareshoni. Dokotala amang'amba pansi pa bere n'kuikamo kathumba ka silicone kapena ka madzi amchere, njira yomwe idayambira ku Houston, America, mu 1962. Komatu kathumbako sikamuyaya: kamatha kuphulika kapena kuumitsa bere, basi opareshoni ina. Mu 2010 dziko la France lidaletsa timatumba ta kampani ya PIP titapezeka ndi silicone wa m'mafakitale.

Choopsa zedi ndi jakisoni wobayidwa kunyumba, chifukwa silicone akalowa mumtsempha amatha kupha.

Wogulitsa akamati mankhwala ake ngovomerezeka, mufunseni ngati adalembetsedwa ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala. Ndipo bere limodzi likayamba kutupa kapena kuchita kambulu, musasangalale kuti mafuta agwira ntchito. Thamangirani kuchipatala cha Katowo kapena cha boma ku Rumphi akakuyezeni.