Basi ndiyo wapolisi ku New York

Mumzinda wa New York, m'dziko la America, dalaivala woimika galimoto munjira ya mabasi sagwidwanso ndi wapolisi yekha. Basi yomwe waitchingirayo ndiyo imamuneneza.

Bungwe la MTA, lomwe limayendetsa mabasi mumzindawu, lidayamba kuika makamera pamabasi mu October 2019 panjira ya M15 ku Manhattan. Kamera imajambula nambala ya galimoto, malo ndi nthawi. Ogwira ntchito kuboma la mzinda amaunika zithunzizo, kenako kalata ya chindapusa imapita kwa mwini galimoto. Apa palibe kuchonderera, palibenso za kangachepe.

Mu 2024 makamerawa adayamba kugwiranso oimika pasiteji ya basi. Chindapusa chidaikidwa pa madola 50, kukwera mpaka 250 kwa wosamva, koma masiku 60 oyamba panjira iliyonse yatsopano amakhala a chenjezo chabe.

Nkhani ya pasitejiyi si yaing'ono. Galimoto ikatseka siteji, basi imaima pakati pa msewu. Wachinyamata amangodumpha n'kukwera, koma woyenda panjinga ya olumala amasowa pokwerera, ndipo gogo wa ndodo amatsikira pomwe padutsa magalimoto.

Komabe makina nawo amaphophonya. Chaka chomwecho zidadziwika kuti makalata a chindapusa pafupifupi 3,800 adatumizidwa molakwika panjira za M79 ndi Bx35, ena kwa anthu omwe adaimika pamalo ololedwa. Bungweli lidavomera kuti makamerawo sadatcheredwe bwino ndipo lidati milanduyo yafafanizidwa, omwe adalipira kale abwezeredwa ndalama zawo.